Amene Ananyamula Cikwama: Mbili ya Okwela Mapili, Kucokela ku Mulanje Mpaka ku Everest

Kuno ku Garden tilibe phili. Mukaimilila m'mbali mwa msewu wa Katima Mulilo, cinthu cacitali cimene tonse timaciganizila ni Findeco House ku tauni, ndipo m'nyengo ya mvula nkhawa yathu imakhala ya madzi olowa m'nyumba cifukwa malo athu ni athyathyathya. Koma pa foni mapili timawaona. Timaona zithunzi pa Facebook: munthu wavala jekete yokhuthala, wagwila mbendela ya Zambia, waimilila pafupi na cikwangwani ca Uhuru Peak pamwamba pa Kilimanjaro. M'cithunzico mumakhala munthu mmodzi kapena awili. Amene ananyamula tenti, mapoto, madzi na cakudya kwa masiku asanu na limodzi saoneka. Nthawi zambili mmodzi wa iwo ndiye wagwila foni yojambulila.

Ife a m'komboni timawadziwa anthu otele. Ni anyamata a zamcab ku Soweto, amene amakankha matumba a makala na mabokosi a tomato kucoka pa lole mpaka pa sitandi, ndipo palibe amene amawafunsa dzina. Nchito yotsogolela alendo pa mapili atali inamangidwa pa misana ya anthu monga amenewa. Tiyeni tione mmene inayambila, mmene inasinthila, na zimene zikalibe kusintha.

Phili lalikulu limene anthu ake amakamba cinenelo cathu ni Mulanje, kum'mwela kwa Malawi. Kucoka pa Intercity, basi imatsata Great East Road, kudutsa mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke, Katete na Chipata, kulowa pa malile a Mwami, mpaka Lilongwe. Kucoka apo mumapita ku Blantyre, kenako minibasi imakudutsitsani pakati pa minda ya tiyi kufika m'munsi mwa phili. Mulanje ni cimwala cacikulu cimene cimatuluka mwadzidzidzi m'cigwa. Pamwamba pake pali malo a udzu na mitsinje pa mamita pafupi-fupi 2,000, ndipo pa malo amenewo pamayambilanso nsonga zina zambili. Yaitali kuposa zonse ni Sapitwa, mamita 3,002 kucokela pamene pali nyanja yamcele. Lusaka ili pa mamita pafupi-fupi 1,280. Malo okwela kwambili m'Zambia, pa mapili a Mafinga ku malile na Malawi, ali pa mamita 2,339.

Dzina lakuti Sapitwa safunika kutimasulila. Ni kumalo kumene sakupitidwa. Amang'anja, Ayao na Alomwe okhala m'munsi mwa phili amakamba kuti kumeneko kuli mizimu, ndipo pali nthano yakuti ukapeza cakudya cokonza kale pa phili, udye wekha osaitana mnzako. Koma anthu amenewa sanali alendo pa philili. Anali kukwela kukasaka nyama, kukafuna uci na mankhwala, komanso kukabisala pa nthawi ya nkhondo. Anali kudziwa mtsinje umene umadzala msanga, phanga logonamo, na mtambo umene umabweletsa mavuto.

David Livingstone anaona Mulanje mu 1859. Mu 1891 Alexander Whyte, katswili wa zomela amene anali kugwila nchito pansi pa Harry Johnston, anakwela philili n'kutenga nthambi za mtengo wa mkungudza kuzitumiza ku London. Asayansi anaupatsa dzina lakuti Widdringtonia whytei, ndipo mpaka lelo mtengo umene Malawi amaunyadila monga mtengo wa dziko uli na dzina la Whyte m'mabuku. Anthu amene anamuonetsa njila, amene anali kuudziwa mtengowo kalekale, sali m'dzinalo.

Kunyamula katundu pa mutu kunali kale na mbili yowawa m'delali. Pakati pa Mulanje na phili la Michesi pali mpata umene ogula akapolo anali kudutsapo popita ku gombe la Mozambique, anthu ogwidwa atasenza minyanga ya njovu. Mu 1893 Angelezi anamanga Fort Lister pa mpatawo kuti atseke njilayo. Ukapolo unatha, koma kusenza kunapitiliza m'dzina lina: mtenga-tenga. Kunalibe misewu ya magalimoto, conco bokosi lililonse la boma, la mishoni kapena la kampani linali kuyenda pa mutu wa munthu, katundu wa makilogilamu pafupi-fupi 25 aliyense. Bwana mwiniwake nthawi zambili anali kunyamulidwa pa macila. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, Nyasaland inapeleka amuna pafupi-fupi 200,000 kuti akhale amtenga-tenga a asilikali, ndipo Northern Rhodesia inapelekanso ambili. Njala na matenda zinapha oculuka. Ku Mbala, kumene kale kunali kuchedwa Abercorn, kuli cipilala cokumbukila onyamula katundu 1,467 a dziko lino amene anafa pa nkhondoyo. Cipilalaco cili na ciwelengelo. Maina palibe.

Pamene azungu a m'boma na a m'minda ya tiyi anayamba kukwela Mulanje kuti akapumule kutentha kwa m'cigwa, anapeza dongosolo lokonzeka kale: munthu wa ndalama amayenda manja lende, anthu a m'mudzi amasenza. Mu 1927 boma linalengeza philili kukhala nkhalango yotetezedwa. Oyang'anila nkhalango anamanga tunyumba twa matabwa pamwamba, ndipo oceka mkungudza anali kutsitsa matabwa pa mutu m'njila zotsetseleka zimene mlendo amatsikamo atagwila udzu.

Mu 1949 wolemba mabuku wa ku South Africa, Laurens van der Post, anatumidwa na bungwe la Colonial Development Corporation kuti akaone ngati Mulanje na Nyika zingakhale malo owetelapo ziweto. Pa Mulanje anayenda na onyamula katundu komanso woyang'anila nkhalango wacinyamata, Fred France, amene anali kukhala ku Chambe na mkazi wake na mwana wakhanda. Ali pa ulendo, ciperoni cinawapeza. Ciperoni ni mvula yowaza, yozizila, ya nkhungu, imene imacokela ca ku phili la Chiperone ku Mozambique ndipo ingakhale masiku angapo osakata. Mitsinje inadzala. Poyesa kuwoloka mtsinje wina ca ku Ruo, France anakokoloka na madzi n'kufa. Van der Post analemba nkhaniyo m'buku lake lochuka, Venture to the Interior, ndipo ku Chambe kuli kanyumba kamene mpaka lelo kamachedwa France's Cottage. Imfa ya mnyamatayo inali yomvetsa cisoni ndithu. Tikaiwelenga lelo timaonanso gulu lina limene linali pa mvula imodzimodziyo, litasenza katundu, lilibe majekete monga a mabwana, ndipo linafunika kuwoloka mitsinje imodzimodziyo.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 kunabadwa kalabu ya okwela Mulanje, imene lelo imachedwa Mountain Club of Malawi. Pamodzi na dipatimenti ya za nkhalango, inathandiza kusamalila tunyumba togonamo monga Chambe, Lichenya, Thuchila na Sombani, na kulemba njila. Kucokela nthawi imeneyo ulendo wa pa Mulanje unakhala mmene tikuudziwila lelo: kuyambila pa Likhubula kapena malo ena a m'munsi, kutenga gaidi na wonyamula cikwama, kugona m'tunyumba, kenako kuyesa nsonga.

Zimene zinali kucitika pa Mulanje zinali kucitikanso pa mapili aatali kuposa apa. Pa 6 October 1889, Hans Meyer wa ku Germany na Ludwig Purtscheller wa ku Austria anafika pa nsonga ya Kilimanjaro, mamita 5,895, ndipo mabuku amawachula monga oyamba. Pambuyo pawo panali gulu la anthu akuda onyamula katundu na ophika. Patapita zaka 100, mu 1989, Tanzania inalemekeza nkhalamba ya ku Marangu, Yohani Kinyala Lauwo, monga wotsogolela njila wa ulendowo. Ofufuza ena amatsutsa zakuti analipo mu 1889. Mkanganowo ukhoza kukhalapo cifukwa cimodzi: pa nthawiyo, kusunga bwino maina a anthu akuda sikunali kuonedwa kukhala kofunika.

Pa 29 May 1953, caka cimene Federation ya Rhodesia na Nyasaland inayamba kuno kwathu, anthu awili anaimilila pamwamba pa Everest, phili lalitali kuposa onse pa dziko, mamita 8,849. Anali Edmund Hillary wa ku New Zealand na Tenzing Norgay, Msherpa amene anali atayesa philili kangapo konse, kuyambila monga wonyamula katundu mu 1935. Onyamula katundu opitilila 350 ndiwo anafikitsa zinthu za ulendowo m'munsi mwa phili. Hillary anapatsidwa ulemu wa Sir. Tenzing anapatsidwa mendulo yochedwa George Medal. Komabe apa panasintha cinthu: kwa nthawi yoyamba dziko lonse linaphunzila dzina la munthu amene anayamba nchito atasenza katundu wa ena, ndipo cithunzi cochuka ca pa nsonga ni ca Tenzing, cifukwa Hillary ndiye anali na kamela.

Kodi gaidi amagulitsa ciani kweni-kweni? Ambili amaganiza kuti ni mphamvu za miyendo. Cimene mumalipila ni nzelu za malo. Mukakwela mamita 1,000, kutentha kumatsika na madigili pafupi-fupi 6, conco munthu amene wacoka pa Likhubula atavala sikipa angapeze madzi ataundana m'mawa pamwamba mu June kapena July. Kuyambila pa mamita 2,500, thupi limayamba kumva kucepa kwa mpweya: mutu umawawa, mselu umabwela, tulo timasowa. Pa Kilimanjaro ndiye cifukwa cake magaidi amaumiliza alendo kuyenda pang'ono-pang'ono, kuti thupi lizolowele. Pa Everest, pamwamba pa mamita 8,000, mpweya umakhala wocepa kwambili cakuti thupi limafooka ola lililonse ngakhale munthu atangokhala pansi, ndipo pa nsonga munthu amakoka gawo limodzi cabe mwa magawo atatu a okosijeni imene akanakoka m'mbali mwa nyanja.

Sapitwa siifika kumeneko, koma ili na misampha yake. Kucoka pa kanyumba ka Chisepo, njila imadutsa pa matanthwe otsetseleka na pakati pa miyala ikulu-ikulu yokhala na mipata yakuya, ndipo malo ena mumakwawa. Nkhungu ikatsika, zizindikilo za penti pa miyala sizioneka. Gaidi wabwino amayang'ana kumwamba na wochi, ndipo amadziwa nthawi yonena kuti tibwelele ngakhale nsonga ikuoneka pafupi.

Mu 2003 mtsikana wina wa ku Netherlands ananyamuka yekha kupita ku Sapitwa ndipo sanapezekenso. Mu July 2009 Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil wophunzila za cuma amene anali atayenda maiko ambili, anasiya gaidi wake m'njila n'kupitiliza yekha. Nyengo inasintha. Anthu a m'midzi ya m'munsi anamufunafuna pamodzi na magulu opulumutsa anthu, ndipo thupi lake linapezeka patapita milungu pafupi-fupi itatu. Akulu-akulu anati safunsa anadya phula. Mnzake wa Gabriel, Fellipe Barbosa, anapanga filimu yochedwa Gabriel e a Montanha imene inaonetsedwa ku Cannes mu 2017. M'filimuyo anthu a ku Kenya, Tanzania, Zambia na Malawi amene anakumana na Gabriel, kuphatikizapo magaidi, anasewela monga iwo eni, na nkhope zawo na maina awo.

Kusintha kunabwela pang'ono-pang'ono, ndipo mbali yaikulu kunacokela kwa onyamula katundu eni ake. Ku Mulanje, m'zaka za m'ma 1990, kunayamba mpikisano wa Porters' Race. Othamanga amayambila pa Likhubula, kukwela mpaka pamwamba, kudutsa ca ku Chambe na Lichenya, n'kutsikanso, mtunda wopitilila makilomita 20. Njila imene mlendo amaiyenda masiku awili, opambana amaitsiliza m'maola ocepa. Poyamba unali wa onyamula katundu okha-okha. Lelo amuna na akazi ocokela kwina amabwela kudzapikisana nawo, ndipo maina a opambana amamveka pa wailesi. Ku Tanzania, bungwe la Kilimanjaro Porters Assistance Project limayang'anila malipilo, cakudya na zovala za onyamula katundu, ndipo lamulo la pa philili limati munthu asanyamule katundu wa alendo wopitilila makilogilamu 20.

Ku Nepal kusintha kunabwela na malilo. Pa 18 April 2014, cigumukile ca madzi oundana cinagwa pa Khumbu Icefall, malo oopsa amene Asherpa amadutsapo kambili-mbili kukakonza zingwe na makwelelo alendo asanadutse. Anthu 16 anafa, onse anchito a ku Nepal. Boma litalonjeza cipepeso ca madola pafupi-fupi 400 ku banja lililonse, Asherpa anakwiya n'kuleka nchito, ndipo nyengo yokwela ya cakaco kumbali ya Nepal inathela pomwepo. Alendo amene analipila madola masauzande ambili anabwelela kwawo. Dziko linaona poyela kuti popanda onyamula katundu palibe amene amafika pamwamba. Lelo munthu amene wakwela Everest nthawi zambili kuposa wina aliyense ni gaidi, Kami Rita Sherpa, amene mu May 2024 anakwanitsa maulendo 30.

Pakati pa alendo amene anabwelela mu 2014 panali mayi wobadwila m'Zambia muno, a Saray Khumalo, amene amakhala na kugwila nchito ku South Africa. Anayamba na Kilimanjaro mu 2012, ndipo maulendo awo amawagwilitsila nchito kusonkhanitsa ndalama za maphunzilo a ana. Anabwelelanso ku Everest mu 2015, koma civomezi ca pa 25 April cinagwedeza Nepal n'kupha anthu masauzande, ena pa msasa wa m'munsi mwa phili. Mu 2017 anafika pafupi kwambili, patangotsala mamita osakwana 100 a kukwela, koma mphepo na kuzizila zinawabweza. Anafooka potsika ndipo Asherpa ndiwo anawathandiza kufika pamene helikopita ikanawatenga. Pa 16 May 2019, ulendo wacinayi, anafika pa nsonga, n'kukhala mkazi woyamba wakuda wa mu Africa kuimilila pamenepo. Mwamuna woyamba wakuda wa mu Africa anali Sibusiso Vilane, mu 2003.

Nkhani ya a Saray timaikonda cifukwa ni mwana wa kwathu. Ikutiphunzitsanso cimene magaidi a ku Mulanje amanena tsiku lililonse. Katatu konse anabwelela osafika, ndipo ulendo wa 2017 anabwelela nsonga ili pafupi. Akanakakamila, mwina sakanakhalapo mu 2019. Pa tsiku lomwelo limene anapambana, mnzawo wina wa m'gulu lawo, wa ku Ireland, anagwa potsika ndipo sanapezeke. Phili silisankha munthu.

Manje mbili yazungulila. Zidzukulu za amtenga-tenga zayamba kukhala alendo. Magulu a acinyamata a ku Lusaka na ku Blantyre amasonkha ndalama, amavala masikipa ofanana, amapita kukakwela mapili pa holide. N'zosangalatsa, ndipo tifuna kuti ana a ku Garden, Chaisa na Mandevu nawonso akaone dzuwa likutuluka ali pamwamba pa mitambo. Koma munthu akakhala na ndalama yolipila wina kuti amunyamulile cikwama, amakhala pa malo amene panali bwana wa pa macila. Ciyeso cake n'cimodzi-modzi: kunenelela mtengo mpaka wonyamula atsale na ya sopo cabe, kudzaza cikwama na zinthu zosafunika, kudya nyama m'kanyumba iye ali panja, na kuiwala dzina lake musanafike pa basi.

Anthu a m'munsi mwa Mulanje ali na mavuto okwanila kale. Mkungudza unadulidwa mpaka mitengo ikulu-ikulu yotsala inakhala yowelengeka, ndipo bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi na anthu a m'midzi akubzala mbande zatsopano zimene zidzatenga zaka zambili kuti zikule. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope na miyala kucoka pa phili, n'kukwilila nyumba na minda ku Mulanje na ku Phalombe. Kwa mnyamata wa kumeneko, masiku atatu onyamula cikwama ca mlendo angakhale feteleza wa caka cimeneco kapena fizi ya mng'ono wake.

Conco ngati gulu lanu la ku chalichi, la ku koleji kapena la pa nchito likukonza ulendo wa ku Sapitwa, mbili imeneyi ili na zocita zake. Tengani gaidi wolembetsedwa pa ofesi ya za nkhalango. Gwilizanani mtengo musananyamuke, ndipo pobwela mulipile wonse. Nyamulani cikwama canu kamodzi, muyende naco kuzungulila nyumba, musanacipeleke kwa munthu wina. Funsani ngati ali na jekete na bulangete. Pophika, phikani zokwanila onse. Gaidi akayang'ana kumwamba n'kunena kuti basi tibwelele, musakangane naye. Cinenelo cake mukucimva, mulibe cowilingula.

Ndipo mukafika pa nsonga, mupatse foni munthu wina, muitane amene anakutsogolelani kuti aimilile pakati. Poika cithunzico pa Facebook, lembani dzina lake lonse, atakulolani. Ku Mbala anangolemba 1,467. Ife amene timadziwa kulemela kwa thumba la makala tingathe kulemba dzina la munthu mmodzi.